Tsiku Limene Wayilesi Anatseka Pakamwa

1. Pakamwa Pamodzi, Anthu Awiri

Dzina loti Wayilesi anamupatsa ndi aphunzitsi ake a ku pulayimale, ndipo linamukakamira mpaka ku sekondale. Mtsikanayu ankayamba kulankhula akangotsegula maso. Amayi ake ankati ngakhale ali mtulo amayankha mafunso amene palibe wafunsa.

Sikuti anali wamiseche, ayi. Vuto lake linali loti funso likangogwa m'chipinda, iye sankatha kulisiya pansi, ngakhale litakhala la munthu wina.

Mng'ono wake anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Pakhomo ankamutchula Mzime, popeza ndiye anali wotsiriza kubadwa. Mwanayu ankadwala mphumu, ndipo analinso ndi chibwibwi. Akafuna kutulutsa liwu, milomo inkanjenjemera, maso n'kutsinzina, anthu n'kuyamba kuyang'ana kumbali ngati aona chinthu chosayenera kuona.

Choncho banjali linapeza njira yake. Munthu akafunsa Mzime, ankayankha ndi Wayilesi. Kusitolo zinali choncho, kuchipatala choncho, pamaso pa alendo ndiye osanena. Palibe amene anakhala pansi n'kukhazikitsa lamuloli. Linangomera lokha, ndipo aliyense ankaliona ngati chifundo. Ngakhale bambo awo, akafuna kudziwa ngati nsapato za Mzime zayamba kuthina, ankafunsa Wayilesi, mwini mapazi ali pomwepo.

2. Mawu a Bambo

M'mawa wa tsiku limenelo amayi anali atalawirira kale kuntchito. Bambo, amene anali telala, anakhala pampando wa pafupi ndi khomo akumanga zingwe za nsapato. Kushopu kunali mulu wa mayunifomu a sukulu ofunika kutha msanga, ndiye sakanatha kuchoka.

Nkhani inali iyi. Pa yunivesite panayamba kafukufuku wa mankhwala atsopano a mphumu, ndipo ankafuna ana amsinkhu wa Mzime. Bambo anali atapita kale, anamva zonse, anasayina. Chimene chinatsala chinali choti mwanayo apite akafunsidwe yekha.

"Iwe Wayilesi, takhala pansi umve," anatero bambo. "Lero sindikukutuma kukagula ulusi. Mwana uyu ine ndinamuberekapo kumsana akubanika, ndikuthamanga naye mumsewu wopanda nsapato, anthu akundiyesa wamisala. Iwe unali kusukulu, sunaone. Ine ndinaona, ndipo sindikufuna kudzaonanso.

"Kumeneko kuli madokotala odziwa chifuwa, amene ife patokha sitingawafikire. Azimuona mwezi ndi mwezi. Mwayi wotere subwera kawiri pakhomo pa telala. Akuti lamulo lawo ndi loti afunse mwini wake. Chabwino, afunse. Koma ukumudziwa mng'ono wako mmene amachitira pamaso pa anthu achilendo. Mawu akamukanika, usamusiye achite manyazi. Muyankhire monga umachitira masiku onse. Pakamwa pakopo timadandaula napo chaka chonse, lero pagwire ntchito yabwino. Malo ndi ochepa, ndipo akadzaza satsegulanso. Mubwere kushopu atalembedwa. Wamva?"

"Ndamva, bambo. Musade nkhawa."

Mzime anali patebulo, akutembenuzatembenuza kampope kake ka buluu kopopera mankhwala mkamwa. Sanadzutse mutu, ndipo palibe amene anayembekezera kuti adzutse.

3. Chipinda cha Kumapeto

Nyumba ya kafukufuku inali kuseri kwa chipatala cha yunivesite. M'khonde munkanunkha sopo wokolopera. Pamabenchi panadzaza ana ndi makolo awo, ena akutsokomola, ena akusewera ndi mafoni. Wayilesi sanachedwe kudziwana ndi mayi wa kumanja kwake, ndipo pofika nthawi yoitanidwa anali atadziwa kale mayina a ana onse a mayiyo ndi matenda a apongozi awo.

Chipinda chimene analowa chinali chaching'ono. Munali tebulo, sikelo, kabati yagalasi, ndi kachipangizo kokhala ndi paipi youziramo mpweya. Kukhoma kunali makina othamangirapo, a lamba wakuda ndi zogwirira ziwiri. Mzime anawayang'ana kanthawi asanakhale pansi.

Kuseri kwa tebulo kunali namwino wachitsikana, wamaso otopa, zolembera zitandandalikidwa m'thumba la pachifuwa. Pakona panakhala mayi wokalamba wa imvi mutu wonse, atavala juzi lotuwa, ndodo itatsamira pabondo. Wayilesi anangoti ndi agogo a munthu wina amene asochera chipinda.

"Awa ndi apulofesa," anatero namwino. "Achokera ku likulu loona za chilungamo pa kafukufuku wa zaumoyo, pa yunivesite pompano. Ndi amodzi mwa amene analoleza kafukufukuyu. Lero angokhala nafe kuti aone mmene timafunsira ana, ngati simukudandaula."

"Sitikudandaula," Wayilesi anayankhira onse awiri.

Namwino anafotokoza bwinobwino, ngakhale zinkamveka kuti mawuwo wawabwereza kambirimbiri kuyambira m'mawa. Ana ena adzalandira mankhwala atsopano, ena a masiku onse, ndipo wosankha ndi kompyuta. Kampope ka buluu aliyense akhala nako. Pobwera azitengedwa magazi pang'ono, aziuzira mu paipi, ndipo nthawi zina azithamanga pamakinawo, dokotala ali pambali, kuti aone mmene chifuwa chimachitira munthu akatopa.

"Wamva, mwana?" namwino anafunsa Mzime.

"Wamva," anatero Wayilesi.

"Uli ndi funso?"

"Alibe."

"Ukuvomera kulowa nawo?"

"Akuvomera."

Mtima wa namwino unakhala pansi poona kuti izi zokha zatha msanga. Anasolola cholembera. Pomwepo ndodo ija inagogoda pansi kawiri.

"Pepani, anesi," anatero apulofesa ndi mawu ofatsa. "Makutu angawa akalamba, mwina ndi ine. Koma ndamva mawu a munthu mmodzi yekha, ndipo si amene akudwala."

4. Chenjezo la Apulofesa

Wayilesi anamwetulira mwaulemu. Anthu osadziwa ankadabwa chomwechi, ndipo iye anazolowera kuwamasulira.

"Ali ndi chibwibwi, mayi. Ndimamuyankhira ndine kuyambira ali wamng'ono. Kunyumba onse amadziwa."

"Ndaona kuti umamukonda," anatero apulofesa. "Ndaona mmene unamukonzera kolala polowa. Tabweretsa mpandowo pafupi, mwana wanga, ndikuuze chifukwa chimene nkhalamba ngati ine imasiyira ofesi yake n'kudzakhala pakona pa anthu.

"Kale, m'maiko ambiri, anthu ophunzira ankayesa mankhwala pa anzawo osawafunsa. Sankasankha anthu amphamvu. Ankasankha amene kukana kunkawavuta: akaidi, amasiye, osauka, ana. Usaganize kuti onse ochita zimenezo anali zigawenga. Ambiri ankagona tulo tabwino, chifukwa mumtima ankati akudziwa chimene chili chabwino kwa anthuwo. Anthu anavulala. Ena anafa osadziwa n'komwe kuti anali m'kafukufuku.

"N'chifukwa chake mayunivesite anatsegula malikulu ngati lathuli, ndipo mabungwe a maiko osiyanasiyana anayamba kukumana kuti agwirizane malamulo. Ine ndimapita ku misonkhano imeneyo. Kumakhala madokotala, maloya, aphunzitsi, anthu a zipembedzo. Timakangana mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Koma pali mfundo imene tabwerera nayo kuno n'kuigwira ndi manja awiri. Mwana akafika msinkhu womvetsa zinthu, kholo livomere, iyenso avomere yekha. Pa kafukufuku ngati uyu, kholo likavomera mwana n'kukana, sitimulemba."

"Koma bambo akufuna kuti achire," anatero Wayilesi.

"Ndipo akuchita bwino kufuna. Koma mvetsa kusiyana kwake. Chithandizo cha mphumu mng'ono wako azilandirabe kuchipatala, alowe asalowe. Kafukufuku ndi nkhani ina. Sitikudziwa ngati mankhwala atsopanowa akuposa akale, n'chifukwa chake tikufufuza. Tikumupempha mwanayu kuti atibwereke thupi lake tiphunzirepo. Singano idzalowa pamkono pake, osati pako, osati pa bambo ako. Amene adzakwere makina awo ndi iyeyo. Ndiye chinthu cha mwini tingabwereke bwanji kwa mnansi wake?

"Chenjera ndi chifundo chothamanga, mwana wanga. Ine ndachiona chikuwononga anthu m'zipatala zazikulu. Ukamuyankhira munthu lero ndi mawa ndi mkuja, anthu amasiya kumuyang'ana kumaso, ndipo pamapeto pake iyenso amasiya kuyesa. Mwina mng'ono wako akufunadi kulowa. Mwina sakufuna. Ine sindikudziwa, anesi sakudziwa, ndipo ndikukayika ngati iwe unamufunsapo."

Wayilesi anacheukira mng'ono wake. Zinali zoona. Sabata yonse anakamba za kafukufukuyu ndi bambo, ndi amayi, ndi anzake a m'kalasi, ngakhale ndi kondakitala wa basi. Munthu mmodzi yekha amene sanakambe naye anali amene ankagona naye chipinda chimodzi.

Chitseko chinagogodedwa. Panali kholo lina m'chipinda choyandikana limene linali ndi dandaulo, ndipo linkafuna apulofesa. Mayiyo anadzuka pang'onopang'ono, akutsamira ndodo.

"Anesi, mufunseninso," anatero ali pakhomo. "Musathamange. Mzere uli panjawo ndikauuza kuti ndachedwetsa ndine."

5. Kudikira

Chitseko chitatsekeka, namwino anapukuta kumaso ndi dzanja. Sanali munthu woipa. Kungoti tiyi wake wa m'mawa anali akadali pawindo osamwedwa, ndipo m'khonde mwana wina anali atayamba kulira.

Anatembenukira kwa Mzime. "Mwana, ukufuna kulowa nawo kafukufukuyu?"

Mzime anatsegula pakamwa. Milomo inanjenjemera. Khosi linakoka, maso anatsinzina, koma liwu silinatuluke. Anayesanso, zomwezo. Kenako anachita chimene ankachita moyo wake wonse. Anatembenuka n'kuyang'ana mkulu wake.

Namwino nayenso anayang'ana Wayilesi, ndipo anatsitsa mawu. "Mwina ungonena iweyo zimene akufuna kunena. Iye akagwedeza mutu kuti ndi zomwezo, zikwanira. Tisamuzunze mwana."

Wayilesi ankadziwa kuti Mzime agwedeza mutu. Ankagwedeza nthawi zonse. Liwu limodzi lokha, ndipo akanatuluka atalembedwa, bambo akanasangalala, apulofesa sakanadziwa kanthu. Liwulo linali kale pansonga ya lilime, lokonzeka ngati madzi pampopi wosatseka bwino.

Anaika manja pansi pa ntchafu zake n'kuwakhalira.

"Anesi, timudikire," anatero. Kenako anayang'ana mng'ono wake. "Ine sindinena kanthu. Nena wekha. Sitikuthamangira kulikonse."

Mzime anamuyang'ana modabwa, mwinanso mokwiya pang'ono, ngati munthu amene amulanda ambulera mvula ili mkati.

Ndiye kunali zii. Kwa anthu ena kukhala chete si ntchito, koma kwa Wayilesi kunali ngati kusenza ndowa yodzaza osaigwira. Anamva fani ikuzungulira kudenga. Anamva tayala la kangolo ka mankhwala likulira m'khonde. Kawiri konse milomo yake inayamba kuyenda yokha, ndipo anailuma. Thukuta linamutuluka pamphuno, pamene amene ankalimbana ndi mawu anali wina.

Mzime anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anakoka mpweya.

"S-s-si... sindikufuna."

Wayilesi anadzidzimuka. Pansi pa mtima ankaganiza kuti akadikira, yankho lituluka lomwe lija iye ananena, kungoti mochedwa. Sanaganizepo kuti mng'ono wake angakhale ndi yankho lakelake, losiyana ndi la banja lonse.

Namwino anaika cholembera pansi. Anakoka mpando wake n'kuzungulira tebulo, nakhala moyang'anizana ndi mwanayo.

"Sukukakamizidwa kunena chifukwa," anatero. "Kukana kokhako n'kokwanira. Koma ngati pali chimene sindinafotokoze bwino, ndiuze. Ndi singano?"

Mzime anapukusa mutu. Analoza makina a lamba wakuda aja.

"Chi-chifuwa chikatseka..." Anaima, nalimbana, napitiriza. "Ndi-ndimaona ngati ndikufa. S-sindikufuna kuchiputa d-dala."

Namwino sanamuseke, ndipo sanamunamize. Anamuuza kuti dokotala amakhala pambali ndi mankhwala m'manja, ndipo mwana akangokweza dzanja makinawo amaimitsidwa. Anamuuzanso kuti inde, ana ena chifuwa chimathina pang'ono, ndipo kuthamangako sikungachotsedwe chifukwa ndi mbali ya kafukufukuyo.

"Wamva zonsezi. Ukufuna kusintha maganizo?"

"Ayi," anatero Mzime. Liwu limeneli linatuluka lathunthu, osakodwa paliponse.

"Chabwino. Kuchipatala uzipita monga kale, palibe amene akuyang'ane ndi diso loipa." Namwino anazengereza pang'ono, kenako anawonjezera, "Pepa, poyamba paja ndinathamanga."

M'khonde anakumana ndi apulofesa akutuluka m'chipinda china. Mayiyo sanafunse kuti yankho linali lotani. Anaweramira kwa Mzime n'kufunsa, "Wanena wekha?"

Mzime anagwedeza mutu, kenako ngati wakumbuka china chake, anati, "Ee."

"Basi, ndi zomwe ndinadzera." Anatembenukira kwa Wayilesi. "Bambo ako akafuna kukalipira munthu, uwauze abwere kwa ine. Ndinazolowera."

6. Kushopu

Mu basi Wayilesi sanacheze ndi aliyense, chinthu chimene anzake akanachimva sakanakhulupirira. Ankachita mantha ndi bambo. Ankachitanso manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene ankamuwawa kwambiri.

Atatsika, anayenda m'mbali mwa msewu, kudutsa pa okonza njinga ndi pa sitolo ya utoto. Mzime anamukoka malaya.

"A-achemwali, mwakwiya?"

"Sindinakwiye." Anayenda pang'ono. "Koma iwe, sabata yonseyi unkadziwa kuti sukufuna. Bwanji sunandiuze?"

Mzime anatenga nthawi yake, ndipo Wayilesi anadikira.

"Mu-munali mukulankhula."

Wayilesi anafuna kuseka, koma m'maso munabwera misozi. Anagwira dzanja la mng'ono wake n'kulifinya.

Atayandikira shopu, Wayilesi anaima pa mthunzi wa khoma. Njira yapafupi inalipo. Akanatha kunena kuti anapeza malo atadzaza, bambo akanadandaula tsiku limodzi n'kuiwala, ndipo Mzime sakanatsutsa. Koma kumeneko kukanakhala kumuyankhiranso, ulendo uno ndi bodza.

Shopu ya bambo inali yopapatiza ngati khonde. Nsalu zinali m'mashelefu mpaka kudenga, pansi pali tizidutswa ndi ulusi. Simbi inali pathabwa ikutulutsa nthunzi. Bambo anali atagwada, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa, akupinda mwendo wa buluku la kasitomala wina wamimba yaikulu amene anaima chilili ngati chipilala.

Ataona ana awo, nkhope yawo inawala. Maso awo anadumpha mutu wa Mzime, monga mwa masiku onse, n'kukatera pa Wayilesi.

"Mwabwera," anatero kudzera m'mapini. "Walembedwa?"

Wayilesi analoza Mzime. "Bambo, funsani mwini wake."

Bambo anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi, n'kuwabaya pa kansalu ka pamkono. Kuwala kuja kunali kutachoka.

"Ndafunsa iwe. Ndi iwe amene ndinakutuma."

"Ndamva, bambo. Koma yankho si langa."

Kasitomala uja anayang'ana kudenga, ngati kuti mwadzidzidzi nsalu za pamwamba zamusangalatsa. Bambo anadzuka, maondo akulira. Wayilesi ankaudziwa mtsempha umene unatukuka pachipumi pawo, ndipo miyendo yake inafuna kubwerera panja. Sanasunthe, ndipo sanawonjezere liwu.

"Akulu," bambo anauza kasitomalayo osamuyang'ana, "kavuleni kuseriko. Buluku lanu mudzatenge mawa."

Munthuyo sanachite makani. Atatuluka, bambo anatseka chitseko, anazimitsa simbi, n'kukoka kampando kozungulira. Anakhala pansi, ndipo atakhala choncho, maso awo anali pamzere umodzi ndi maso a Mzime. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Sizinkadziwika ngati m'masomo munali mkwiyo kapena mantha.

Mzime anali atagwira siketi ya mkulu wake. Anaisiya, n'kusuntha phazi limodzi kutsogolo.

"Chabwino," anatero bambo ndi mawu olemera. "Akuti ndifunse iwe. Ndakufunsa. Kwachitika chiyani kumeneko?"

Milomo ya Mzime inayamba kunjenjemera. Wayilesi anaika manja kumbuyo n'kuyang'ana pansi.